Kodi mtima wanga udzatopa ngati wa bambo anga?

Adokotala, ndine mayi wa zaka 43, ndimagulitsa matemba mumsika wa Zomba. Bambo anga anamwalira miyendo itatupa ngati mitondo. Usiku ankagona chokhala chifukwa akagona chagada ankabanika. Kumudzi ankati ndi mdulo, koma kuchipatala anati mtima unakula. Mwezi watha andiyeza BP ndipo inali 156/98. Mwana wanga akuti pa intaneti pali njira yowerengera ngati munthu adzadwale mtima m'tsogolo. Kodi n'zoona?
Mayi wa ku Chinamwali

Pepani mayi ndi imfa ya bambo. Mwana wanuyo sananame. Mu 2023 bungwe la American Heart Association linatulutsa njira yotchedwa PREVENT, ya anthu a zaka 30 mpaka 79. Mumalembamo zaka zanu, BP, kulemera kwa thupi poyerekeza ndi msinkhu, mmene impso zikugwirira ntchito, komanso ngati muli ndi shuga kapena mumasuta. Yankho limabwera lakuti mwa anthu 100 ofanana nanu, angati mtima wawo udzafooke m'zaka 10 kapena 30 zikubwerazi. Silinena kuti ndi ndani mwa anthu 100 aja, ndiye musalitenge ngati ula.

Vuto lake n'lakuti anaipanga poona anthu a ku America. Sifunsa ngati munadwalapo zilonda zapakhosi muli mwana zomwe sizinachizidwe bwino, chonsecho kuno kwathu zilonda zimenezi zimawononga zitseko za mtima mwa achinyamata ambiri. Sifunsanso za amayi amene mtima umawafookera atangobereka. Kafukufuku wa THESUS-HF wa m'maiko a mu Africa, wa mu 2012, anapeza kuti odwala kuno amafika kuchipatala ali ndi zaka 50 ndi kanthu, aang'ono kuposa a ku Ulaya, ndipo choyambitsa chachikulu ndi BP.

Ndiye ine chimene chandiimitsa pa kalata yanu si foni ya mwanayo ayi, koma 156/98. Malire ndi 140/90. Mtima ukamakankha magazi m'mitsempha yothina chaka ndi chaka, mnofu wake umakhuthala, kenako umalema n'kutanuka. Ndiko "kukula" kumene anakuuzani kuja. Madzi amayamba kudikha m'mapazi ndi m'mapapo. Zimatenga zaka, ndipo zaka zonsezo munthu amangosenza dengu lake bwinobwino, mutu osawawa n'komwe. Odwala anga ambiri amandiuza kuti "ndinasiya mankhwala chifukwa ndinachira." Mawu amenewa ndimawaopa kuposa nambala iliyonse.

Za mdulo sindikangana ndi akumudzi, poti naonso analoza mchere. Kungoti iwo amafunsa amene wathira, ine ndimafunsa kuchuluka kwake. Bungwe la WHO limati tisapitirire magalamu 5 patsiku, ndiko kuti kasipuni ka tiyi kamodzi, kuphatikiza wa mundiwo, wa patebulo ndi wobisala mu timakyubu tokometsera. Soda wa mu therere nayenso ali m'gulu lomwelo. Ndipo ndikudziwa kuti chipisi cha pachiwaya masana mumsika chimabwera ndi mchere wake pambali.

Chitani izi. Bwererani akakuyezeninso masiku awiri kapena atatu osiyana, mutakhala pansi mphindi zisanu, osati mutangotsika kabaza muli wefuwefu. Nambala zonse azilembe m'kabuku kanu ka kuchipatala. Muwauze za bambo anu, chifukwa mitundu ina ya kufooka kwa mtima imayenda m'magazi, ndipo mupemphe akuyezeni shuga ndi impso. Akakupatsani mankhwala monga amlodipine kapena hydrochlorothiazide, dziwani kuti ndi akumwa tsiku lililonse, ngakhale BP itatsika. Ngati mukufunabe kubereka, nenani asanakulembereni, chifukwa ena monga enalapril sayenera mayi woyembekezera.

Koma mukaona kuti nsapato zayamba kuthina madzulo, chitunda chimene munkakwera mukucheza chayamba kukuimitsani kawiri, kapena mwayamba kusanjikiza mapilo kuti mupume usiku, musadikire tsiku la kiliniki. Pitani ku Zomba Central tsiku lomwelo, kabuku kali m'manja.