RZR Yokweza Kapena Hilux? Yankho Langa kwa Achimwene Ofunsa

Achimwene, mwafunsa ngati ndi nzeru kugula Polaris RZR yoyendapo kale yomwe mwaiona ku Johannesburg, muikweze, muike matayala akuluakulu, kenako muitumize kumudzi kuti izigwira ntchito kumunda komanso kupita nayo ku boma m'malo mwa Hilux. Ngati pakhomo palibe galimoto ina, ndalamazo gulirani Hilux kapena Land Cruiser. Timagalimoto tating'ono toyendera m'tchire ngati RZR, tomwe amati side-by-side, ine ndimatikonda kwambiri, koma ndi tothandizira galimoto yaikulu, osati tolowa m'malo mwake.

Kuti n'tamphamvu, palibe angatsutse. RZR XP 1000 ili ndi horsepower pafupifupi 110 pa thupi losafika makilogalamu 800, pomwe Land Cruiser 79 ya injini ya 1HZ ili ndi pafupifupi 130 koma ikulemera kuposa matani awiri. Pamchenga, pamiyala ndi pamabampu, RZR imangouluka pamene Land Cruiser ikukwawa. N'chifukwa chake kuyambira mu 2017 mpikisano wa magalimoto wa Dakar unapatsa timagalimototi gulu lawolawo. Koma kumunda funso ndi lakuti mutuluka ndi matumba angati. Kumbuyo kwa RZR XP 1000 amaloleza makilogalamu 136 okha, kutanthauza kuti matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50 mwapyola kale muyezo. Hilux imanyamula kuyandikira tani. Ngati mtima wanu uli pa side-by-side basi, yang'anani zogwirira ntchito monga Polaris Ranger XP 1000, yomwe imanyamula makilogalamu 454, kapena Kubota RTV ya dizilo. RZR anaipangira masewera.

Tsono pa zosinthazo, pomwe ambiri amathera ndalama. Galimoto imeneyi ilibe giyabokosi ngati ya pikiapu. Mphamvu ya injini imadutsa pa lamba wa rabala wopanidwa pakati pa makilatchi awiri, omwe amati CVT. Mukachotsa matayala a mainchesi 29 n'kuika a 32, zili ngati mukudzutsa njinga yonyamula makala ili pa giya yolemera: lamba amayamba kuterereka, kutentha, ndipo pokwera phiri mumva fungo la rabala wopserera. Posakhalitsa waduka muli pakati pa tchire. Ndiye mugula clutch kit kuti zigwirizane ndi matayalawo. Mukaikweza, ma axle amapendekeka kwambiri, timabuti ta CV joint timang'ambika, mchenga n'kulowa, ndipo pokhota mumayamba kumva kuti khe-khe-khe. Mugula ma axle olimba. Ma axle akaleka kuthyoka, mphamvu ija imakaphwanya china chodula kuposa iwo, kawirikawiri difu yakutsogolo. Ena amathawira ku ma portal, omwe amakweza galimoto ndi kupepukitsa giya pa wilo pomwepo. Amagwiradi ntchito, koma ndi olemera, odula, ndipo amatopetsa ma ball joint ndi ma bearing. Mukaphatikiza zonsezi ndi mtengo wogulira, mupeza kuti mwafika pa ndalama ya pikiapu yabwino ndithu.

Chinanso chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti kukweza kumachititsa galimoto yopepuka chonchi kugubuduzika msanga pamalo opendekeka. Ikamagwa, munthu amatulutsa dzanja kuti adzitchinjirize, chitsulo cha denga n'kuliphwanya. Chonde, lamba wapampando ndi helemeti nthawi zonse, zitseko kapena maneti akhale otseka, ndipo ana asakwere kumbuyo konyamulira katundu.

Zosintha zomwe ndingakuuzeni kuti muwonongerepo ndalama ndi zoteteza. Ikani skid plate (chotchinga choteteza kunsi kwa galimoto) yokhuthala pansi ponse, chifukwa zitsa za m'minda yathu sizikhululuka. Matayala akhale a saizi yomwe inabwera nayo koma olimba, a 8 ply, kuopa minga. Winchi ndi yofunika, makamaka ngati munda uli m'dothi la makande ngati la ku Chigwa cha Shire, lomwe mvula ikagwa limamata mpaka wilo osaoneka. Fumbi la mu Okutobala ndi mdani wamkulu wa injini zimenezi, choncho fyuluta ya mpweya muziiona pafupipafupi, ndipo ngati mungathe onjezerani chosefera fumbi patsogolo pake. Mukaika galasi lakutsogolo ikaninso chotchinga kumbuyo, apo ayi fumbi lonse limazungulira n'kudzakuthirani m'khosi. Snorkel, yokokera mpweya kumtunda powoloka madzi, si paipi imodzi ngati pa Land Cruiser, chifukwa bokosi la lamba nalo lili ndi polowera ndi potulukira mpweya, ndipo madzi akalowamo injini imangolira galimoto osasuntha. Poyenda pang'onopang'ono, pokwera kapena pokoka katundu, ikani giya ya Low. Chizolowezi chimenechi chokha chimapulumutsa malamba ambiri, komabe lamba wina wapadera asamasowe m'galimoto pamodzi ndi masipanala ake.

Za ulendo wa ku boma ndiye iwalani. Opanga okha amalemba pa chomata kuti si ya pamsewu wa tala, matayala ake amatha msanga pamenepo, thanki ndi ya malita 36 a petulo, ndipo mvula ndi fumbi zonse ndi zanu. Musanalipire kalikonse funsani ku Road Traffic ngati angaipatse nambala, ndi ku MRA za msonkho wake. Kumbukiraninso masipeya. Hilux ikafa pa Jenda kapena pa Ntaja, makaniko wa pomwepo aitsegula, ndipo chitsulo chipezeka ku Ndirande kapena ku Lilongwe. Lamba wa RZR mudzachita kuitanitsa kunja, galimoto ili pa mthunzi nyengo yokolola ikudutsa.

Ngati Hilux ilipo kale ndipo mukufuna RZR yoyenderera m'munda ndi kusangalala nayo, pitani mukaione, koma musangodalira makilomita. Funsani maola omwe injini yagwira ntchito. Tsegulani bokosi la fyuluta mupisemo chala mu paipi yopita ku injini: mukapeza fumbi kuseri kwa fyulutayo, isiyeni. Ikwezeni pa jeke mugwedeze wilo lililonse, muone ngati zitsulo za denga zinawotchereredwapo, ndipo pakati pa yosinthidwa kale ndi yomwe ili momwe inachokera ku fakitale, tengani yosasinthidwayo.