Mapoto a Lachisanu ku Glenhazel: momwe amayi achiyuda amathandizirana ku Johannesburg

Mayi wina amene amagwira ntchito ku Glenhazel, mu mzinda wa Johannesburg, watilembera imelo. Akuti Lachinayi ndi Lachisanu lililonse amaona amayi achiyuda akukweza chakudya m'galimoto kukasiya m'makomo mwa anzawo, ndiye akufunsa kuti kodi ndi bungwe kapena ndi chifundo cha munthu payekha, nanga ndalama zake zimachokera kuti.

Amayi, zonse ziwiri zilipo, ndipo sizinayambe lero. Johannesburg anayamba mu 1886 golide atapezeka, ndipo pofika 1888 Ayuda anali atakhazikitsa kale Chevrah Kadisha, bungwe loika maliro ndi kusamalira osowa. Lilipobe, ndipo ndi lomwe limayendetsa nyumba ya okalamba ya Sandringham Gardens. Amayi anadzayambitsa Union of Jewish Women mu 1931. Bungweli lili ndi ntchito yotchedwa Kosher Mobile Meals, yokasiyira okalamba ndi odwala chakudya chophikaphika kunyumba, komanso limathandiza anthu omwe si Ayuda. Koma mapoto ambiri amene mukuwaonawo alibe ofesi. Amayendetsedwa ndi mayi mmodzi wa ku sunagoge amene ali ndi mndandanda pa foni.

Ndalama zimachokera ku chakhumi. Myuda wotsata chipembedzo amapatula gawo limodzi mwa magawo 10 a zomwe wapeza, ndipo aphunzitsi awo akale anaika malire akuti munthu asapitirire gawo limodzi mwa magawo 5, kuopa kuti woperekayo angasauke n'kuyamba kupempha nayenso. M'nyumba zambiri muli kabokosi kamene mayi amaponyamo makobili Lachisanu madzulo asanayatse makandulo a Sabata. Dzuwa likangolowa, palibenso kugwira ndalama, kuphika kapena kuyendetsa galimoto mpaka Loweruka usiku. N'chifukwa chake mumaona piringupiringu masiku awiri amenewo.

Chakudya chimapita komwe kwabadwa mwana, komwe kuli matenda ndi komwe kwagwa maliro. Anamfedwa amakhala m'nyumba masiku 7 akaika maliro, ndipo chakudya choyamba akabwera ku manda sadziphikira okha: anansi amabweretsa buledi ndi mazira owiritsa. Wosunga mndandanda uja amalemba tsiku, dzina la wophika, chiwerengero cha odya, zakudya zomwe wina sadya chifukwa cha matenda, komanso ngati chakudyacho chikhale cha nyama kapena cha mkaka. Akapanda kutero, Lolemba kumafika mapoto asanu, Lachinayi banja n'kugona ndi njala, ndipo sabata yonse anthu amangodya nkhuku yokhayokha.

Pa nyama ndi mkaka m'pamene ambiri amaphonya. Ayuda saphika kapena kudya ziwirizi pamodzi, ndipo chilichonse chili ndi mapoto, mbale ndi mipeni yake. Mabanja amasiyananso pa kasungidwe ka malamulowa, moti mayi akhoza kuphika ndi mtima wonse koma banja lolandira osachikhudza n'komwe chakudyacho poti silikudziwa khitchini yomwe chachokera. Wanzeru amayamba wafunsa. Ambiri amaika chakudya m'timbale tafoyilo totaya, n'kulembapo zomwe zili mkati, kuti wodwala asakhale ndi ntchito yotsuka ndi kubweza mbale za eni ake. Pa Paska malamulo amakhwima kwambiri, chifukwa chilichonse chofufumitsa chimachotsedwa m'nyumba, ndiye osowa amapatsidwa ndalama kapena zakudya za m'mapaketi osatsekulidwa kuti akaphike okha.

Palinso zomwe iwo amati gemach, malo obwereketsa zinthu mwaulere. Kawirikawiri ndi chipinda kapena galaja ya mayi wina: madiresi a ukwati, njinga za olumala, timabedi ta makanda, mipando ya pa maliro. Ena amabwereketsa ndalama popanda chiwongola dzanja, potsata Eksodo 22 ndi Levitiko 25. Ulere wakewo usakupusitseni, amayi. Pamakhala kaundula, tsiku lobweza, ndalama yochapira diresi, ndipo pa ngongole ya ndalama amafuna anthu osainira omwe adzalipire ngati wobwerekayo walephera. Gemach yopanda kaundula imatha msanga, chifukwa njinga yobwerekedwa kwa mwezi umodzi imakhazikika kwa wobwerekayo.

Chomwe ife timachiona cholemera koposa pa ntchito yonseyi ndi chinsinsi. Maimonides, mphunzitsi wawo amene anamwalira ku Egypt mu 1204, anasanja kupereka m'magawo 8. Pamwamba penipeni anaika kupatsa munthu ngongole, ntchito kapena bizinesi yochitira limodzi kuti asadzapemphenso. Chotsatira ndi kupereka mwakuti wopereka sakudziwa wolandira, wolandiranso sakudziwa wopereka. Motero m'komiti ya amayi 12, odziwa mayina a mabanja osowa akhoza kukhala awiri okha, ndipo katundu amasiyidwa pakhomo popanda kujambulitsa. M'dera lomwe aliyense amadziwa mnzake, dzina limodzi likangotuluka, mabanja ena amasiya kupempha ngakhale zitawathina.

Ntchito ina simungaione pamsewu. Mzimayi akamwalira, amayi anzake ndiwo amamusambitsa, monga achitira adzukulu kwathu. Amamuthira madzi oposa malita 20 mosadukiza, kenaka n'kumuveka nsalu zoyera zopanda matumba, zofanana kwa wolemera ndi wosauka. Zomwe aona m'chipindamo sazinena kwa munthu.

Vuto lomwe silichoka ndi kutopa. Amayi omwewo amene amaphika ndi omwenso amakazonda odwala ku chipatala, ndiponso ndi omwe amatolera zopereka. Wosunga mndandanda wodziwa ntchito yake amayang'ana amene waphika kawiri mwezi uno n'kumudumpha, ndipo mayi amene sangathe kuphika amamupatsa ntchito yoyendetsa galimoto kapena yogula ndiwo.