Kodi "Stop!" ndi mfuwu?

Wophunzira wina wa Fomu 3 wanditumizira imelo yodandaula. Akuti pa mayeso a Chingerezi anauzidwa kupereka chitsanzo cha interjection, womwe ife timati mfuwu, iye n'kulemba "Stop!" koma aphunzitsi anamuthetha. "Chonsecho chizindikiro cha mfuwuliro chilipo, ndalakwa pati?"

Aphunzitsi anu sanakulakwireni ayi. "Stop!" ndi mneni wolamula. Mutha kumupatsa mwininkhani ndi pamtherankhani, nthawi yake n'kuisinthanso: "The driver stopped the bus." Tayesani zomwezo ndi "ouch" kapena "alas", muona kuti sizitheka. Chizindikiro chija chimangosonyeza kuti munthu wakweza mawu, sichikuuzani mtundu wa mawuwo.

Mwa mitundu 8 ya mawu imene timaphunzira m'Chingerezi, 7 imadalirana. Mfotokozi amakamba za dzina, mperekezi amafuna dzina kapena mlowam'malo patsogolo pake, mlumikizi popanda zolumikiza ndiye kuti alibe ntchito. Mfuwu wokha ndiye suyenda ndi mnzake. Taonani "Oops, I dropped the plate." Chotsanipo "oops", chiganizo chidakali chathunthu, mbale yagwabe. Chomwe chasowa ndi mtima wa wolankhulayo basi. Chotsani "dropped", palibenso chomveka. Mukakayika m'mayeso, yesani njira imeneyi.

Pamene ambiri amakodwa ndi pa mawu a nkhope ziwiri. "Well, let us go" ali ndi mfuwu, koma mu "She sings well" mawu omwewo ndi muonjezi, akutiuza mmene akuimbira. Ngakhale "wow" amasanduka mneni mu "The choir wowed us." Choncho osangoloweza mndandanda, yang'anani ntchito imene mawuwo akugwira pamalopo.

Ina mwa mifuwuyi imandiseketsa chifukwa siimvera n'komwe malamulo a kalembedwe ka Chingerezi. "Shh" ndi "psst" mulibe lembo la liwu ngakhale limodzi, pomwe "tsk" ndi kutsonya chabe kumene wina anayesa kukulemba.

Chenjeraninso ndi mvekero wathu. "Mayo!", "Ogo!" ndi "Kalanga ine!" ndi mifuwu, zikutuluka mumtima. Koma tikati "m'nyumba munali zii" kapena "magazi ali psuu", mawuwo akufotokoza mmene zinthu zilili, ndipo mukachotsa "zii" chiganizo chimatsala m'malere. Mvekero sungalowe m'gulu la mifuwu ngakhale muulembe ndi mfuwuliro.

Mukamalemba chimangirizo kapena kalata yantchito, mifuwu isiyeni. Malo ake ndi pamene anthu a m'nkhani yanu akulankhulana.