Funsani Dokotala: Mwana wanga akuti vape ndi nthunzi ya madzi chabe

A Dokotala, mwana wanga wamwamuna wa zaka 19 wakhala akutsokomola kwa milungu itatu. Pochapa zovala zake ndinapeza m'thumba kachipangizo konga cholembera, konunkhira mango, ndipo nditamufunsa anati ndi vape, imatulutsa nthunzi ya madzi basi, si fodya. Mlongo wake wandiwerengera pa intaneti kuti kampani ya Apple inachotsa mapulogalamu a zimenezi chifukwa anthu ankafa nazo. Ndamugulira Bactrim kawiri pa okala, koma chifuwa sichikusintha. Kodi mapapo ake awonongeka kale?
Mayi wa ku Chilomoni

Mayi, m'kalata yanu ndikumvamo mantha akuti mwazindikira mochedwa ndipo mwana watsala madzi amodzi. Mtima ukhale m'malo, chifukwa mnyamata amene akuyenda, kudya ndi kukangana nanu za nthunzi ali ndi mwayi waukulu wochira, malinga ngati chomwe chikumutsokomoletsa chipezeka msanga.

Zimene mlongo wake anawerengazo n'zoona. Mu Novembala 2019 Apple inachotsa mapulogalamu 181 okhudza vape mu App Store, malo otengerako mapulogalamu a pa foni za kampaniyi, ena mwa iwo othandiza munthu kusintha kutentha kwa kachipangizoka kudzera pa foni. Nthawi imeneyo ku America kunabuka matenda a mapapo otchedwa EVALI, ndipo pofika Febuluwale 2020 bungwe la boma la America loona za matenda la CDC linali litawerenga odwala 2,807 ndi imfa 68. Ofufuza anapeza kuti ambiri ankakoka madzi a vape okhala ndi THC, chinthu choledzeretsa cha m'chamba, ogulidwa mwamseri ndiponso osakanizidwa ndi mafuta otchedwa vitamin E acetate. Choncho funso lofunika kwa mwana wanu ndi lakuti akukoka chiyani ndipo amagula kwa yani. Kuchotsedwa kwa mapulogalamu sikumuteteza, pakuti ma vape otchipa otaya akatha safuna foni kuti agwire ntchito.

Nkhani ya nthunzi ya madziyi ndaimva kambirimbiri, ndipo imandiwawa chifukwa achinyamata amainena ndi mtima wonse. Muwiritse madzi m'ketulo, nthunzi yake igunde pa galasi la zenera: ikauma sipatsala kanthu. Galasi la m'galimoto ya munthu wokoka vape tsiku ndi tsiku limachita chifunga chonata, chofuna sopo kuti chichoke. Chimenecho ndicho chikulowa m'mapapo. M'kachipangizomo muli batire lotenthetsa kawaya, ndipo kawayako kamaphika madzi opangidwa ndi propylene glycol, glycerine, zonunkhiritsa, ndiponso, m'mitundu yambiri, nikotini yemweyo wa m'fodya. Mu utsi wake mwapezekapo tizidutswa ta zitsulo monga nickel ndi mtovu. Ena amati zonunkhiritsazo ndi zomwe zija za m'maswiti. Inde, koma nsima nayo ndi yabwino m'mimba, ikalowera kum'mero wa mpweya munthu amatsamwa. Mumufunsenso modekha kuti, ngati ndi madzi chabe, n'chifukwa chiyani amakwiyakwiya batire likatha. Madzi sachititsa chibaba. Nikotini ndiye amatero, ndipo amakola msanga ubongo wa wachinyamata, umene umapitiriza kukula mpaka zaka pafupifupi 25. Akakuuzani kuti vape ili ndi poizoni wocheperapo poyerekeza ndi ndudu yoyatsa, musamutsutse, n'zoona. Koma mfundo imeneyo imakhudza munthu amene wasuta ndudu zaka zambiri ndipo akuisiyiratu, osati mnyamata amene mapapo ake ankangodziwa mpweya.

Tsopano ndikudzudzuleni pang'ono, Mayi, monga mwana wanu. Milungu itatu ndi yambiri, ndipo wa pa okala sanamvetsere chifuwa cha mwanayo asanakupatseni Bactrim. Mankhwala amenewa sachiza TB, sachiza mphumu, sachotsa kutupa kobwera ndi utsi, ndipo anthu ena amatuluka nawo zilonda zoopsa pakhungu ndi m'kamwa. Kuwamwa mwachisawawa kumangozoloweretsa tizilombo, moti tsiku limene adzafunikedi sadzagwira ntchito. Ndikuopanso kuti kupezeka kwa vape m'thumba kungatseke maso tonsefe. Kuno ku Blantyre, munthu amene watsokomola kupitirira milungu iwiri timayamba tamuyeza chifuwa chachikulu tisanaloze chala china chilichonse, makamaka ngati akutuluka thukuta usiku, akuonda kapena thupi limatentha madzulo.

Mawa m'mawa apite ku chipatala cha Chilomoni atatenga buku lake la kuchipatala, mapaketi a mankhwala amene wamwa, ndi kachipangizo komweko. Akamuyeza makhololo, zimene m'zipatala za boma n'zaulere, akamupempha kuyezetsa magazi kuti adziwe za HIV monga timachitira ndi aliyense wa chifuwa chokhalitsa, ndipo pakafunika kujambula chifuwa akamutumiza ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Mumuperekeze, koma polowa kwa dokotala mutsale panja. Mnyamata wa zaka 19 sangavomere pamaso pa amayi ake kuti anakokapo vape ya chamba, pamene yankho limenelo likhoza kusintha chithandizo chonse. Akayamba kubanika, kumva kupweteka pachifuwa, kutsokomola magazi, kapena kusanza ndi kutsegula m'mimba pamodzi ndi phuma, musadikire kuti kuche, thamangani naye ku Queen Elizabeth nthawi yomweyo.

Vape asiye lero lomwe, ndipo asabwezere ndudu m'malo mwake. Masiku oyambirira adzakhala wokwiya, wosowa tulo ndi wa mutu wopweteka, zimene zimachepa pakapita milungu ingapo, choncho auze dokotala kuti akufuna thandizo losiyira. Zotsatira za makhololo zikakhala zabwino koma chifuwa n'kupitirira, abwerere pa tsiku limene amulembera m'buku.