Chichewa cha a Trywell ndi belu la njinga ya bambo anga

Achemwali ena a ku Leeds anditumizira imelo sabata yatha. Ana awo awiri anabadwira komweko, Chichewa amamva patalipatali koma kuyankhula ayi. Ndiye akufunsa ngati n'kwanzeru kuwaonetsa The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya William Kamkwamba ija, mnyamata wa ku Kasungu amene anapanga makina a magetsi oyendera mphepo. Iwo akuti anaiyamba okha n'kuisiya patangotha mphindi 10 chifukwa cha phwete. "Chichewa chimenechi ana anga akachitola," alemba choncho, "ndidzawaonetsa bwanji kwa agogo awo?"

Ndimati ndiyankhe ndi mizere iwiri basi. Lero ndi tsiku lachinayi ndikulembabe, ndiye mupirire nane.

Nanenso ndinaseka, achemwali, ndisakunamizeni. Filimuyi itatuluka pa Netflix mu March 2019 tinasonkherana ya bandulo ndi anzanga atatu, n'kukhala pabalaza kwanga ku Area 25. Chiwetel Ejiofor, amene analemba filimuyi, kuitsogolera, komanso kusewera ngati a Trywell, bambo ake a William, atangotsegula pakamwa, mnzanga wina anatsetsereka pampando mpaka pansi. Tinabwezera m'mbuyo katatu kuti timvetse chimene anena. Sabata imeneyo pa WhatsApp nkhani inali yomweyo.

Mawuwo paokha ndi abwinobwino, amene anawathandiza kulemba amachidziwa Chichewa. Chasokonekera ndi kayimbidwe kake. Chiyankhulo chathu chimakwera ndi kutsika. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba mofanana, koma mwana wa zaka 4 amasiyanitsa ndi khutu. Khungu la pathupi ndi khungu la maso chimodzimodzi. Palinso kampweya kaja kamene kamasiyanitsa phala ndi pala. Munthu woloweza Chichewa papepala zimenezi zimamudutsa. Tsono taonani banja la m'filimuyi: Ejiofor anabadwira ku London, makolo ake ndi a ku Nigeria, Maxwell Simba, amene ndi William, ndi wa ku Kenya, Aïssa Maïga, amene ndi mayi Agnes, anabadwira ku Dakar n'kukulira ku France, Mmalawi pamphasapo ndi Lily Banda, amene akusewera ngati Annie, mchemwali wake wa William. Banja limodzi, mbale imodzi, Chichewa cha mitundu inayi. Lily akayankhula khutu limapumako. Ndiye pakubwera amfumu, kuyang'anitsitsa, ndi Joseph Marcell, Geoffrey wa mu The Fresh Prince of Bel-Air uja! Apo ndiye tinathera.

Ndipo zimapweteka kwambiri pamene nkhani yafika pamoto. Mchewa akakwiya samaliza mawu, amameza ena, ena amatafuna. A Trywell akakwiya nkhope imakwiyadi, mitsempha ya m'khosi tototo, koma lilime limayenda ngati munthu wowoloka pa ulalo wa mtengo umodzi. Iwe woonera umalephera kuopa nawo chifukwa ukudikira kuti awoloke.

Zimenezo ndavomera. Tsopano ndikuuzeni za mayi anga.

Pa Khirisimasi ya chaka chomwecho ndinapita ndi laputopu kumudzi ku Dowa. Ndimafuna tikaseke limodzi, ndinene zoona. Titadya madzulo ndinaika laputopu pa mpando, mayi pamphasa, adzukulu atawazungulira. Poyamba zinayenda momwe ndimafunira. "Iwe, akuyankhula cha kuti awa?" Ndinayamba ntchito yomasulira Chichewa kupita m'Chichewa, ana akugubuduzika. Koma mvula itakokolola chimanga m'filimumo, kenako dzuwa n'kuwamba chotsalacho, mayi anasiya kufunsa. Sanafunenso womasulira. Pofika paja banja lagwirizana kuti lizidya kamodzi patsiku, n'kumakambirana kuti kamodziko kakhale nthawi yanji, anadzuka, n'kukonza chitenje, amvekere akukaona nkhuku. Nthawi inali itadutsa 9 koloko usiku, ndipo nkhukuzo ndinatsekera ndine dzuwa likulowa. Sanabwerenso. Ndinawapeza kukhitchini atakhala pafupi ndi mafuwa ozima.

Ine ndi William ndife a msinkhu umodzi. Njala ya 2001 mpaka 2002 inandipeza ndili Fomu 1, ndipo nanenso teremu ina ndinakhala pakhomo chifukwa cha fizi, kungoti ine sindinapange chilichonse chozungulira ndi mphepo. Ndinkapita ku ganyu. Amene munalipo mukukumbuka timapepala ta ufa tija tinkatchedwa walkman, toti nsima yake mwana mmodzi sakhuta. Madeya, amene kale tinkapatsa nkhumba, anasanduka chakudya cholimbirana. Tinaphika mango osakhwima. Tinakumba zitsa za nthochi, kusinja, kuyanika, n'kuyesa kuti ndi ufa. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, ndipo pamene a Bakili Muluzi ankalengeza mu February 2002 kuti dziko lili pa ngozi, m'mudzi mwathu anthu okumba manda anali atayamba kale kusinthana khasu pafupipafupi chifukwa chosowa mphamvu.

Bambo anali ndi njinga ya Humber, yakuda, imene ankaipukuta Lamlungu lililonse asanapite kutchalitchi. Mu January chaka chimenecho anaikwera m'mawa kupita kwa mkulu wina wa geni ya chimanga. Anabwera madzulo wapansi, atasenza kathumba pamutu. Ndowa imodzi. Njinga yathunthu, matayala atsopano, kusinthana ndi ndowa imodzi. Atatula, anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa belu. Anali atalimasula panjira asanafike kwa wogulayo. Sananene kanthu, anangoliika pawindo. Bambo anatisiya kalekale, koma belulo lilipo mpaka lero m'kabati ya mayi, pamodzi ndi makapu a alendo.

Ndiye mu filimu muja William akupempha njinga ya bambo ake kuti aidule apangire makina ake, bambowo n'kulusa ngati aona njoka m'nyumba, anzanga ena amati a Trywell ndi munthu wouma mtima. Ine ndinkangoona belu lija. Pamenepo Ejiofor anaponya pa mtima penipeni, ndipo Chichewa chake sindinachimve n'komwe kuti chikukhota.

N'chifukwa chake ndikuti, achemwali, mwaisiya msanga. Mphindi 10 zoyambazo filimu isanayambe n'komwe. Ndipo ndinene mosapsatira: ambiri a ife amene tinaisandutsa nthabwala tinkathawa. Kuseka lilime la mlendo n'kosavuta kusiyana ndi kuyang'ana chaka chimene m'mabanja ambiri sitichitchula. Ine sindinaonepo filimu ina imene inaonetsa njala ija momwe inalili. Anakajambulira ku Wimbe komweko ku Kasungu, ndipo Dick Pope, amene anagwira kamera, analola dothi lathu lioneke momwe limaonekera mu October, lofiira, lotopa. Anthu akugulitsa mitengo yawo ku esiteti ya fodya akudziwa bwinobwino kuti madzi adzawakokolola, koma ndalama akuifuna lero. Amfumu akuyankhula zoona pamsonkhano wa pulezidenti, n'kukamenyedwa kuseri. Chipwirikiti cha pamsika wa chimanga, munthu kuponda mnzake amene amapemphera naye. Gule Wamkulu akubwera pamaliro. Ngakhale zigawo za filimuyi anazitcha m'Chichewa, kuyambira Kufesa mpaka Mphepo. Mlendo wongodutsa sakanaziona zonsezi.

Komanso ife ndi anthu oti tidandaule za milomo? Tinakulira m'mavidiyo sho, pa mabenchi a mapulanga, kuonera mafilimu a karate amene mlomo umatseka mawu akupitirirabe. Kenako kunabwera anyamata omasulira aja, amene amapeka nkhani yawoyawo pamwamba pa ya eni ake, msilikali wa ku America n'kumadandaula za ndiwo, wachifwamba wa ku Hong Kong n'kukhala wa ku Ndirande. Timawakonda, ndipo ena mwa iwo ndi aluso kuposa amene analemba filimuyo. Palibe anadzukapo kuti abwezeredwe ndalama ya pakhomo. Ejiofor akanatha kuchita zimene anachita a Hotel Rwanda kapena The Last King of Scotland, aliyense n'kumayankhula Chingerezi chokhala ndi kamvekedwe kaja kamene azungu amati n'ka ku Africa, kopanda dziko. Bwenzi palibe amene anaseka. Iye anasankha njira yoti achite nayo manyazi pamaso pathu. Chichewacho chinachuluka mpaka dziko la Britain linatumiza filimuyi ku mpikisano wa Oscar m'gulu la mafilimu a ziyankhulo zina. Britain, kupikisana ndi Chichewa! Kaya tiseke kaya tilire.

Ndipo athu amene amachiyankhula bwino timawatani? Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat mu 2012, ndi The Road to Sunrise, imene Malawi anatumiza ku Oscar mu 2018. Ndi angati mwa oseka aja analipira kuti aonere? Ine woyamba, ina mwa imeneyi ndinaionera pa fulashi ya mnzanga, amene nayenso anaitenga kwa mnyamata wa pa kompyuta kumsika. Timafuna mafilimu a Chichewa chokoma koma dzanja silipita m'thumba. Nkhani imeneyi ndidzailemba payokha tsiku lina, chifukwa ikandigwira sindimaliza.

Sikuti ndawakhululukira zonse ayi. Za bamboyo ndikumvetsa, ndalama za filimu zimatsata dzina lodziwika. Nanga mwanayo? Maxwell Simba sankadziwika kulikonse. Amasewera bwino, maso ake amayankhula, koma m'sukulu zathu zonsezi, zimene chaka ndi chaka zimapikisana pa zisudzo, munasowa mnyamata mmodzi? Funso limeneli silinandichoke.

Chimene chimandinyansa kwenikweni

Ndi mathero. Mu filimu, William akumanga makina ake njala ili pakati, makinawo akupopa madzi pachitsime, madzi akuyenda m'mizere, mbewu zikumera dzuwa lili phwee, anthu akukumbatirana, nyimbo ikukwera. Mudzi wapulumuka. Zoona zake sizinayende choncho. Makina oyamba amene William anamanga mu 2002, ali ndi zaka 14, atawerenga buku la Using Energy mu laibulale yaing'ono, anayatsa babu. Kenako mababu angapo ndi wailesi. Anthu amene ankamunena kuti ndi wamisala anabwera kudzaona kuwalako. Zopopa madzi zinabwera patapita zaka, dziko litamudziwa, atakayankhula kale ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007. Njala ija inatha momwe njala zimathera kuno: amene anafika nayo pa chimanga chachiwisi anapulumuka, amene sanafike anapita. Kenako kunabwera chimanga chachikasu cha thandizo, chija panali mkangano woti n'chosinthidwa ndi asayansi, Zambia n'kuchikana, ife n'kuchilandira koma chogayagaya. Ndipo mu 2005 njala inabweranso.

Ndikudziwa kuti filimu si buku la mbiri. Lamulo la kuvidiyo sho tonse timalidziwa, sitelingi safa. Koma kwa ine babu lija ndi lokwanira. Mwana wothamangitsidwa sukulu, m'mimba muli gwaa, watola zitsulo kudzala, wakwera pa nsanja ya mitengo ya bulugama, babu n'kuyaka m'manja mwake m'mudzi wopanda magetsi. Mukufunanso chiyani? Powonjezera munda wobiriwira uja anapeputsa nkhani. Woonera wa kunja amazimitsa TV mtima uli m'malo, akuganiza kuti njala ya ku Malawi imatha mwana mmodzi wanzeru akawerenga buku. Amene anagulitsa chimanga aja, amene filimu yomweyi inawaloza chala pakati paja, pofika kumapeto asowa ngati mame. Ndipo enafe amene tinali a msinkhu womwewo, amene tinangopita ku ganyu n'kubwera ndi walkman, timatsala tikudzifunsa ngati tinali aulesi. Mwina ndi nsanje chabe, ndikuvomera. William ndimamulemekeza, anapita mpaka ku koleji ya Dartmouth ku America n'kumaliza mu 2014, ndipo vuto si iye. Koma mphindi zomaliza zija ndikaziona ndimamva ngati munthu wandipukuta misozi ndisanamalize kulira.

Mkazi wanga amati ndimaganiza mopyola, filimu ndi yoonera n'kukagona. Iye amakonda za ku Nigeria zija za apongozi oipa, zimene gawo loyamba limathera pamene munthu wakweza chikwanje. Timakangana za rimoti mpaka lero.

Tsono yankho lanu, achemwali. Aonetseni, ngati apitirira zaka 10. Muyatse mawu olembedwa pansi aja. Muwachenjezeretu za galu, Khamba, chifukwa ana a kumeneko imfa ya galu imawapweteka kuposa ya amfumu. Za Chichewa musade nazo nkhawa, palibe mwana anatola chiyankhulo m'maola awiri. Annie akamayankhula muziimitsa, abwereze, ndipo chotsalacho akaphunzire kwa agogo awo pa foni Loweruka lililonse. Ikatha muwauze kuti makina enieniwo anayatsa babu.

Simunandiuze kuti kwanu ndi kuti, kapena kuti 2002 inakupezani muli kuti. Ngati munali kuno, konzekani, chifukwa akakufunsani kuti inuyo munkadya chiyani. Wanga wamkulu anandifunsa, ndipo ndinayamba ndamuuza za belu.