Kodi magazi ochuluka a msambo angathe popanda kuchotsa chiberekero?

Mayi wina wa zaka 38 wandilembera kuti akapita kumwezi magazi amatuluka kwa masiku oposa 7, ndi zibulumwa, ndipo padi imadzadza ola lisanathe, komanso amamva chizungulire. Kuchipatala anamuuza za opaleshoni yochotsa chiberekero, koma iye akufunabe mwana wina. Funso lake ndi lakuti, kodi njira ina ilipo?

Amayi, njira zilipo, ndipo madokotala ambiri amayamba ndi izo asanaganize zochotsa chiberekero. Koma choyamba mudziwe chimene chikuyambitsa. Pemphani sikani. Kwa amayi akuda ngati ife, kawirikawiri amapeza zotupa za m'chiberekero zomwe si khansa, zija amati mafayibuloyidi. Nthawi zina ndi mahomoni, kapena lupu ya kopa ngati munayikitsa. Muyezetsenso khomo la chiberekero, makamaka ngati magazi amabwera mukagonana kapena pakati pa mwezi, chifukwa khansa ya khomo la chiberekero yachuluka kwambiri kuno ku Malawi.

Mankhwala amene ndimafuna amayi ambiri awadziwe ndi tranexamic acid. Amamwedwa masiku a msambo okha, ndipo amachepetsa magazi pafupifupi ndi theka. Alibe mahomoni, choncho salepheretsa kutenga pakati, zomwe kwa inu ndi zofunika. Koma ngati magazi anakuundaniranipo m'mitsempha, muwauze adokotala musanamwe. Ibuprofen ndi mefenamic acid nazonso zimachepetsako magazi ndi cham'mimba chomwe. Aspirin musiyeni, amawonjezera kutaya magazi.

Ngati mwana mukumufuna pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, funsani za lupu ya mahomoni ya levonorgestrel, monga Mirena. Imaondetsa kansalu ka m'kati mwa chiberekero ndipo kwa amayi ambiri magazi a msambo amachepa kwambiri, ena mpaka kusiya kusamba. Miyezi yoyamba mumadontheza pang'onopang'ono, musadabwe nazo. Akaichotsa, mutha kutenga pakati. Mapiritsi olera nawonso amathandiza.

Zotupa zikakhala zazikulu, pali opaleshoni yotchedwa myomectomy, yochotsa zotupa zokha n'kusiya chiberekero. Funsani dokotala wa matenda a amayi ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe ngati zanu zingachotsedwe motero. Zimatha kumeranso, ndipo nthawi zina magazi akachuluka pa opaleshoniyo chiberekero chimachotsedwabe, ndiye mukambirane zimenezi poyera. Palinso njira yowotcha kansalu ka m'kati, koma imeneyo si yanu pamene mukufuna mwana.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi chizungulire chimene mwatchula. Mwina magazi achepa m'thupi. Ayezeni sabata ino, ndipo ngati achepadi, muyambe mapiritsi a ayironi. Mukaona mtima ukuthamanga, kupuma movutikira kapena mwakomoka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo osadikira tsiku limene anakupatsani.