Kodi kugulitsa malonda n'kofunika pulofesa?

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Akuti mwana wawo akuphunzira marketing, maphunziro a katsatsidwe ndi kagulitsidwe ka malonda, ndipo dzina la Philip Kotler silimuchoka pakamwa. Akufunsa kuti munthuyu ndani, nanga amafufuza chiyani, poti azimayi a pamsika amagulitsa tomato tsiku ndi tsiku opanda digiri.

Mayi, a Kotler ndi a ku America, anabadwira ku Chicago mu 1931. Sukulu yawo sinali ya marketing ayi. Anaphunzira za chuma pa University of Chicago, komwe mmodzi mwa aphunzitsi awo anali katswiri wotchuka wa za chuma Milton Friedman, n'kukatenga digiri ya PhD ku yunivesite ya MIT mu 1956. Mu 1962 anayamba kuphunzitsa pa Northwestern University, ndipo mu 1967 anatulutsa Marketing Management, buku lomwe lasindikizidwa kambirimbiri. Mwana wanuyo akamaloweza ma P anayi aja, kutanthauza katundu (product), mtengo (price), malo ogulitsira (place) ndi kutsatsa (promotion), mumuuze kuti mwini wake ndi Jerome McCarthy, mu 1960. A Kotler anangowatchukitsa.

Kwa ine, ntchito yawo yeniyeni ili m'nkhani ziwiri za m'magazini ya akatswiri yotchedwa Journal of Marketing. Mu 1969, iwo ndi Sidney Levy anati chipatala, mpingo ngakhale wandale nawonso amatsatsa, chifukwa ali ndi anthu oti awakope ndi kuwasunga. Akatswiri ena, monga David Luck, anakana, amvekere apa mwapitirira malire. Koma mu 1971 a Kotler ndi Gerald Zaltman anawonjeza moto: anati luso logulitsira sopo lingathandizenso kusintha khalidwe la anthu pa nkhani ngati zaumoyo, ndipo anazitcha social marketing.

Zimenezi mwaziona ndi maso anu. Kondomu ya Chishango ndi neti ya Chitetezo, zomwe bungwe la zaumoyo la PSI linabweretsa kuno, zinayenda njira yomweyo. Chinthucho amachipatsa dzina lachichewa ndi paketi yooneka bwino, amachilengeza pa wailesi, mtengo n'kuutsitsa ndi ndalama za mabungwe othandiza, kenako n'kuchiika pa golosale pafupi ndi machesi ndi shuga. Olimbikitsa njirayi ankati munthu amasamala chomwe watayirapo kandalama.

Apa ndi pomwe kafukufuku amasiyana ndi nzeru za pamsika. Jessica Cohen ndi Pascaline Dupas anakayesa mfundoyo pa maneti ku Kenya pakati pa amayi oyembekezera, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2010. Anapeza kuti ngakhale kamtengo kochepa kamabweza amayi ambiri, pomwe olandira neti yaulere ankagonamo chimodzimodzi ndi ogula. Awiriwa ndi akatswiri a za chuma, koma funso lawo ndi la mtengo, P wachiwiri uja.

Kunena zoona, a Kotler ndimawaona ngati katswiri wosanja ndi kufotokoza mfundo kuposa woyesa zinthu m'midzi. Mwana wanuyo awawerenge ndithu, koma asathawe kalasi ya statistics, masamu oyesera zotsatira za kafukufuku.